Buku Lopanda Mchira

Lolemba, 8 Julaye

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 14, pafupi ndi zenera. Ine Fanuelo wa ku Kachulu, zaka 74, amene ndinayenda pa Chilwa zaka makumi anayi osamira, lero ndagonja ndi madzi osadzaza ndi botolo lomwe. Masiku awiri mkodzo osatuluka, mimba ngati ng'oma. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandiika kapaipi n'kunditumiza kuno ku tauni.

Tsopano ndili ndi thumba la pulasitiki loyenda nalo paliponse. Ndawauza anesi kuti moyo wanga wonse ndinkasirira mabwana oyenda ndi chikwama, Mulungu wayankha koma mochedwa. Anesiwo ndi a Sophia, aafupi, nkhope ngati ya woweruza mlandu. Sanaseke. Ndiwagwetsa ndithu ndisanatuluke muno.

BP 178 pa 102.

Leah, mwana wanga wotsiriza, amene amaphunzitsa cha ku Songani, wandibweretsera kope lino, bolopeni ndi chibuku chonenepa chokutidwa ndi pepala la kalendala yakale, monga achitira aphunzitsi ndi mabuku awo. Wati, "Ababa, muziwerenga, musamavute anesi." Amake, a Eliza, akugona kumalo a magadiyani.

Lachiwiri, 9 Julaye

Atenga magazi ndi mkodzo. Adokotala ndi aatali, oyankhula pang'onopang'ono. Chimene anachita ndi chala chawo sindilemba, kope lingadzagwe m'manja mwa amayi a kwaya.

Akuti kachiwalo kena ka pansi pa chikhodzodzo, pulositeti, kakula n'kutseka njira. Mulinso tizilombo mu mkodzo. Mapilisi: awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku khumi. La BP limodzi m'mawa. Zikatsika, opaleshoni Lachiwiri pa 23.

Ndaseka n'kuti, "Chabwino adokotala, mukadulamo mundisungireko, ndikakolere mlamba." Mkati sindinaseke. Achimwene anga a Saulos analowa pa chitseko cha opaleshoni mu 1987, akuyenda okha ndi miyendo yawo, atandisungitsa chipewa. Chipewacho ndili nachobe.

Lachitatu, 10 Julaye

Bedi 15 pali Che Bashiru a ku chilumba cha Chisi. Anagwa pa njinga yamoto akupita kukagulitsa matemba, fupa la ntchafu linathyoka. Mwendo anaumangira chingwe chodutsa kumapazi a bedi, ndipo kunsonga kwake kukulendewera chitsulo cholemera. Ndati, "Achimwene, akumangirirani ngati mbuzi yoba chimanga." Iwo ati, "Bola ine andimanga mwendo. Inu akumangani pati?" Munthu ameneyu tigwirizana.

Chiperoni chatsika m'phiri, kukuzizira koopsa. Posowa chochita ndatsegula chibuku cha Leah. Che Bashiru ati ndiziwerenga mokweza, iwo sukulu ya boma sanalowe, anathera ku madarasa. Ine ndinalekezera Sitandade 6 ya kale, imene ndi Fomu 4 ya masiku ano.

Bukuli ndi bodza lokhalokha. Muli dziko lina kumene nyanja inabedwa. Inde, kubedwa! Mfumu ina yotchedwa Mwinimchere inatuma asilikali ake, amene ndi akakowa aatali ngati mitengo ya magetsi, anaipinda nyanja ngati mphasa n'kuisenza kupita nayo m'kati mwa phiri la mchere. Che Bashiru anafunsa kuti nanga ng'ona anazikutumula kaye kapena anapindira limodzi. Wolemba sananene.

Lachisanu, 12 Julaye

BP 165 pa 98. Magazi akuti alipo okwanira, 11.4. Shuga mulibe.

Tafika tsamba 61. Mwini nkhani ndi mkazi wamasiye, Namalanga, amene akukoka bwato lake pa thope louma kutsatira mapazi a akakowa. M'bwatomo wanyamula mtsuko, mu mtsukomo muli mlamba womaliza wa nyanja yonseyo, dzina lake Ndevu. Mlambawo umayankhula, ndipo ndi wamwano. Umadandaula madzi, umadandaula dzuwa, umamunena Namalanga kuti amakoka bwato ngati akupita ku maliro a apongozi ake. A Eliza atamva ati, "Wolembayo amakudziwani."

Penapake wolembayu walakwa. Akuti pa nyanja yosaya ankapalasa ndi nkhafi pakati pa njedza, udzu wautali wa m'madzi uja. Ameneyu sanafikepo ku Chilwa. Pa njedza umakankha ndi nsungwi, nkhafi ingokodwa. Koma za thope wakhoza. Walemba kuti thope likauma limang'ambika ngati zidendene za munthu wosauka, ndipo fungo lake limakhala m'zovala mwezi wathunthu. Ine ndinaliona limenelo mu 1995, pamene Chilwa chinaphwa ife n'kupita ku Chisi pa njinga zakapalasa. Che Bashiru ati ankationa tikubwera, iwo n'kumabisa nkhuku.

Lamulungu, 14 Julaye

Kutentha thupi. 38.6. Sindinawerenge. Che Bashiru andipatsa bulangeti lawo lachiwiri.

Lachiwiri, 16 Julaye

Thupi latsika, 37.1. Ndadya phala ndi mbatata ziwiri. Akazi a Che Bashiru, a Falida, abwera ndi mpunga wa ku dambo ndi nsomba za makumba zootcha, tagawana. A Eliza abwera ndi nandolo. Bedi 14 ndi 15 tikudya ngati pa ukwati.

Omvera achuluka. Wa bedi 9 amakoka mpando, wa bedi 11 amanamizira kugona koma ndikalumpha mzere amatsokomola. Liwu la Ndevu ndimalitulutsira m'mphuno. A Sophia anaima pakhomo ndi thireyi ya mankhwala kwa kanthawi. Milomo inagwedera pang'ono. Pang'ono pokha.

Dzulo anatuluka ku fiyeta, kochitira opaleshoni, bambo wina atamuphimba mpaka pakhosi, maso ali gwa. Akuti ali bwino. Ine ndinayang'ana kukhoma.

Ndilembe zoona, poti kope silinena. Pa 23 sadzandipeza. Ndaganiza kale. Lolemba pa 22 m'mawa, nthawi imene magadiyani amalowa ndi phala, pakhomo pamakhala piringupiringu. Ndivala jekete, thumba ndimanga pa mwendo m'kati mwa buluku, ulendo ku depoti. Kapaipi aka anthu amakhala nako, azikandisintha kwathu mwezi ndi mwezi. Kuli bwino kufa pang'onopang'ono ukuona nyanja kusiyana n'kufa msanga ukuona denga.

Ndawauza Che Bashiru okha. Ati, "Ine sindingakuthamangitseni, mukuona mwendowu. Koma buku mumalize kaye. Musandisiye ndi mkazi wa eni ali pa thope." Ndalonjeza. Masamba atsala 190.

Lachinayi, 18 Julaye

BP 148 pa 90. Adokotala akondwa. Ati, "Agogo, mukuyenda bwino, tikumana Lachiwiri." Ndati, "Mukonzeretu mipeni." Bodza limakoma ukamalinena utamwetulira.

M'buku zavuta. Akakowa anagwira Namalanga, anaswa mtsuko. Iye anamuika Ndevu m'nsalu yonyowa n'kumubereka kumbuyo ngati khanda, namayenda usana wonse akulavulira malovu pa nsaluyo kuti isaume. Ndevu, wamwano uja, anasiya kuyankhula. Wa bedi 9 anati, "Akafa mlambayo, bukulo tiwotcha." Atapeza kachithaphwi, mawu oyamba a Ndevu anali akuti, "Msana wako ndi wa mafupa okhaokha." Che Bashiru anaseka mpaka chitsulo cha kumwendo chinagwedezeka, n'kuyamba kubuula ndi ululu, akusekabe.

Ndikapita kosamba buku ndimasungitsa kwa iwo, poti ndi mlonda amene sangachoke pa ntchito. Lero pobwera ndinawapeza akupichira kapepala ka mankhwala pakati pa zala, mulibe fodya. Akuti milungu itatu osasuta, zala zimachita zokha.

Lachisanu, 19 Julaye

Mapilisi a tizilombo atha. Mkodzo wayera.

Tafika pa phiri la mchere. Pali chitseko chimodzi chokha choyera. Mlonda wake ndi nkhalamba yopanda maso. Lamulo ndi lakuti wolowa amapumira mpweya wake wonse m'chipanda n'kumusungitsa mlondayo, akatuluka amubwezera. Pakhoma pali zipanda zambirimbiri zimene eni ake sanabwere kudzatenga. China ndi cha mwamuna wa Namalanga.

Ndinatseka buku pamenepo. Ndinati maso atopa.

Loweruka, 20 Julaye

Ndikulemba ndili ndi mkwiyo.

Tinawerenga kuchokera m'mawa. Namalanga anakangana ndi Ndevu pakhomo paja masamba khumi. Mlamba ukuti tibwerere, chithaphwi chija chitikwanira awiri. Namalanga anatenga chipanda, anapumiramo, anampatsa mlonda. Chitseko chinatseguka. Anaponya mwendo wakumanja m'kati.

Ndinatembenuza tsamba. Loyera. Ndinatembenuza lina. Chikuto.

Basi! Mwendo umodzi m'kati, wina kunja!

Ine ndawerengapo mabuku. Baibulo limatha. Buku la nyimbo limatha. Ngakhale kalata ya msonkho imatha. Ndinadziwa pompo kuti wina wang'amba mchira, ndipo ndinadziwanso wang'ambayo.

Ndinati, "Che Bashiru, bwezani masamba."

Ati, "Masamba ati?"

"Amene mwapichira. Ndinakuonani ine Lachinayi. Mwasuta mapeto a nkhani!"

"Ndasutira kuti, pansi pa bulangeti? Wallahi, Fanuelo, ine ndimasuta kalata za ana anga, osati buku la eni!"

"Tsegulani pilo."

"Tsegulani nokha, inu muli ndi miyendo. Mwina mwadya ndinu, Alomwe inu chimene simudya n'chiyani?"

Wa bedi 9 anayamba kusecha pansi pa matiresi, wa bedi 11 anadzuka kutulo take tabodza n'kumati iye ankamva ndithu kafungo ka utsi. Phokoso linakoka a Sophia. Anamva mlandu mbali zonse ziwiri, manja ali m'chiuno. Kenako anatenga buku, anamatula kalendala ya Leah pang'onopang'ono, n'kundilozera pachikuto chenicheni ndi chikhadabo. Pansi pa chithunzi cha mkazi wokoka bwato panalembedwa kuti, Buku loyamba mwa atatu.

Ati, "Agogo, nkhaniyi ili m'mabuku atatu. Ili ndi mutu chabe."

Ndati, "Ndiye munthu angakugulitse mutu wa nsomba, n'kuti pakati udzatenge chaka chamawa?"

Pamenepo a Sophia anagwa. Anaseka mpaka anakhala pa bedi langa, misozi m'maso. Ndawagwetsa, koma ndi uchitsiru wanga, osati ndi nzeru.

Ndapepesa kwa Che Bashiru. Ati chindapusa ndi mbatata za a Eliza masiku atatu.

Lamulungu, 21 Julaye

BP 140 pa 86.

Leah wabwera itatha misa. Akuti buku lachiwiri lilipo, ali nalo mphunzitsi mnzake, alibweretsa Lachitatu. Lachitatu! Ndamufunsa ngati Namalanga analowa n'kutuluka. Wati iye sanaliwerenge. Ndam'phunzitsa mwanayu pachabe.

Masana anthu atapita ndinakhala ndikumunyoza wolemba. Ndinati ndi wamantha, anafika pakhomo n'kuthawa, anasiya mkazi wa eni ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Munthu wotere sayenera kupatsidwa bolopeni.

Che Bashiru anandisiya ndimalize. Kenako ati, "Nanga kope lanulo litha bwanji?"

Ndati, "Kope langa lalowa bwanji?"

Ati, "Ine sindiwerenga, koma ndimakuonani mukulemba. Mawa muthawa. Tsiku lina mwana wanu adzatsegula kopelo. Adzapeza BP, adzapeza mbatata, adzapeza ababa ake afika pakhomo. Adzatembenuza tsamba, loyera. Kenako adzabwera kudzandisecha ine pilo."

Ndinafuna kuyankha nthabwala. Sinabwere. Koyamba chibadwire.

M'malo mwake ndinawauza za a Saulos ndi chipewa. Sindinauzepo munthu mmene ndinakhalira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chipewa chili pa bondo. Iwo anamvetsera. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anangoti, "Zipanda zili pakhoma zija tinaziwerenga. Koma za anthu amene anatuluka n'kutenga zawo sizioneka, poti anapita nazo kwawo. Ine muno ndagona pafupifupi milungu inayi. Ndaona khumi ndi atatu akulowa ku fiyeta, khumi ndi atatu akutuluka. Ndilibe china chochita, ndimawerenga anthu."

Lolemba, 22 Julaye

Ndinadzuka m'mawa, ndinavala jekete. Pakhomo panali piringupiringu monga ndinanenera. Ndinamanga thumba pa mwendo. Che Bashiru anatembenukira kukhoma.

Ndinafika mpaka pa khonde. A Eliza anali pa benchi, phala lili pambali, m'manja muli chipewa cha a Saulos. Anatuma Leah kukachitenga kumudzi. Ndiye kuti ankadziwa kuyambira kale. Zaka makumi asanu m'nyumba imodzi, mkazi amamva ndi zimene sunanene.

Ati, "Mukupita kuti, abambo a Leah?"

Ndati, "Kukaona ngati kunja kudakalipo."

Ati, "Kulipo. Mukafuna ku depoti, tiyeni, ndinyamula chikwama chanucho, sindikukanizani. Mukafuna kulowa mawa, chipewachi ndisunga ndine. Koma mudzabwere kudzatenga, ine sindisunga zipewa ziwiri."

Ndinakhala pa benchipo mpaka phala linazizira. Kenako ndinati kunja ndakuona, sikunasinthe, tiyeni tibwerere.

Masana abwera ndi pepala losainira. Anabweretsa ndi inki yodindira chala. Ndati, "Chotsani zimenezo, ine ndi wa Sitandade 6." Ndasaina dzina lonse.

Wopereka mankhwala ochititsa dzanzi wafotokoza kuti sandigoneka tulo. Jakisoni wa pamsana, kuchokera m'chiuno kutsika kufa dzanzi, mutu uli maso. Ndiye mpweya wanga sindisungitsa kwa munthu. Bwenzi atanena kale!

Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Lachiwiri, 23 Julaye

Abwera ndi kabedi ka matayala. Kope ndikusungitsa kwa Che Bashiru. Asasute.

Lachitatu, 24 Julaye

Ndilipo.

Kupweteka. Chipewa ndatenga.

Lachisanu, 26 Julaye

Ndakhala tsonga. Pamimba pali bandeji, mapaipi awonjezera. Lina likulowetsa madzi otsuka chikhodzodzo, lina likutulutsa. Lachitatu otulukawo anali ofiira ngati chidede, lero ngati tiyi wa kwa munthu woumira. Akuti ndiye bwino. Jakisoni wa ululu kawiri pa tsiku. BP 136 pa 84.

A Sophia akuti ku fiyeta ndinayankhula kuyambira polowa mpaka potuluka, ndinawafotokozera onse za Ndevu, ndipo adokotala anapempha kuti ndisiye kuwaseketsa ali ndi mpeni m'manja. Ine ndikukumbuka nyali yaikulu ndi kuzizira basi. Chimene anachotsa akuti n'chachikulu ngati ndimu. Atumiza kokapima. Adokotala ati m'maso mwawo sichikuoneka choopsa, koma tidikire pepala.

Che Bashiru ati, "Khumi ndi anayi."

Leah anabweretsa buku lachiwiri Lachitatu monga ananenera. Ndinamuuza amatule pepala lokutira, ndione chikuto ndekha. Ndi lonenepa kuposa loyamba. Che Bashiru analisunga masiku awiri pa chifuwa osatha kuliwerenga, akuti ankangolinunkhiza.

Loweruka, 27 Julaye

Ndayenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera, a Eliza atandigwira mkono ngati tsiku la ukwati.

Tayamba. Masamba asanu okha, mpweya ndi wochepa. Namalanga analowa ndi mwendo wachiwiri womwe. M'katimo mulibe mdima monga ndinkaganizira. Muli msika! Ndipo Ndevu wayamba kale kukangana ndi wogulitsa mchere. Wa bedi 9 anatulutsidwa Lachinayi, sadzadziwa. Tamumvera chisoni.

Lachitatu, 31 Julaye

Achotsa kapaipi 9 koloko m'mawa. Anandipatsa botolo, ati ndimwe madzi ambiri, tidikire. Ndinamwa makapu asanu ndi limodzi. Wodi yonse inkandiyang'ana ngati anthu odikira mvula yoyamba.

Itangokwana 11 ndinapita. Poyamba kuwawa ngati tsabola. Kenako, abale inu! Phokoso limene ndinalimva komaliza ndili mnyamata. Ndinatuluka botolo lili m'mwamba ngati chikho cha mpira, ndikukuwa kuti, "Nyanja yabwerera!" Che Bashiru anaimba ndi supuni pa chitsulo cha bedi. A Sophia anayeza, 350. Ati ndisiye kuyenda nalo botolo.

Leah akuti buku lachitatu silinatuluke, wolemba adakalilemba. Ndati amuuze afulumire, komanso akafike ku Kachulu ndikamuonetse kakankhidwe ka bwato. Ine ndimudikira. Ndili ndi nthawi tsopano.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Anditulutsa mawa. Ulusi achotsa lero. Ndidzabwerenso pa 15 kudzamva za pepala lija. Osanyamula zolemera, osakwera njinga milungu isanu ndi umodzi, madzi ambiri.

Koma tili pa tsamba 88 mwa 410, ndipo Che Bashiru atsala ndi milungu itatu pa chingwe.

Adokotala atafika pa bedi langa ndinagwira pamimba n'kubuula. Ndati ndikumva kupotokola, mwina andisunge sabata ina. Anandipima, anayang'ana a Sophia, a Sophia anayang'ana kudenga. Adokotala ati, "Agogo, ndinamva kuti pa 22 munafika mpaka pa khonde ndi jekete. Lero mukukana kutuluka?" Ndati munthu amasintha. Ati bedi likufunika wina.

Ndiye tapangana chonchi. Sindipita ku Kachulu msanga, msewu uja ungandisokolole. Ndikhala kwa Leah ku Songani, minibasi imodzi basi, ndipo ndizibwera nthawi yoona odwala masana, Lachiwiri ndi Lachisanu, masamba makumi anayi ulendo uliwonse. Buku lizigona kuno, pansi pa pilo wa Che Bashiru, kuti ndisaliwerenge ndekha kumbali. Iwo ati sandikhulupirirabe, ndisiye chikole.

Ndayang'ana zimene ndili nazo. Ndawasungitsa chipewa cha a Saulos. Achivala pomwepo, chawafika m'makutu.

Ndidzachitenga Lachiwiri.